Kumanga kagalimoto ka sikelo mu Blantyre: muyeso, guluu, penti ndi fumbi la kwathu

Aliyense amene anakulira ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni akudziwa kuti galimoto ya mawaya yopangidwa bwino sifunsidwa dzina. Ukangoiona umadziwiratu kuti iyi ndi Land Rover, iyo ndi pikapu ya Peugeot, chifukwa wopinda wayayo anayang'anitsitsa galimoto yeniyeni mpaka anagwira mmene boneti imatsetserekera ndi pamene tayala limakhala. Kumanga tigalimoto ta sikelo kumachokera m'diso lomwelo, kungoti kuno diso limafuna othandizana nalo: rula, masamu pang'ono, ndi kudziwa khalidwe la pulasitiki ndi penti. Tigalimoto tambiri timawonongeka m'manja mwa munthu waluso ndithu, amene wangofulumira pa sitepe imodzi kapena wapopera penti tsiku lolakwika.

Tiyambe ndi sikelo. Tigalimototi timabwera m'bokosi ngati zidutswa zapulasitiki zoti mulumikize nokha, zotchedwa kiti. Pabokosi pakalembedwa 1:24, ndiye kuti muyeso uliwonse wa galimoto yeniyeni wagawidwa ndi 24. Volkswagen Beetle ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa masamu ake amatuluka osatsala kanthu: kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo pali mamilimita 2,400, choncho pa kagalimoto ka 1:24 payenera kukhala mamilimita 100. Pa 1:18 ndi 133, pa 1:43 ndi pafupifupi 56. Land Rover yaitali ija, imene imatchedwa 109 potengera mainchesi a pakati pa matayala ake, imapereka mamilimita 115 pa 1:24. Makampani a ku Japan ndi ku Ulaya monga Tamiya, Hasegawa ndi Italeri amakonda 1:24, pomwe a ku America monga AMT amakonda 1:25. Kusiyanaku kumaoneka ngati kopanda ntchito, koma pa galimoto yotalika mamita 4.5 kumafika mamilimita 7.5, ndipo mukabwereka mbali ya bodi ya sikelo imodzi kukaika pa inzake, sizikumana.

Phindu lalikulu la masamuwa si kutalika kwa kagalimoto ayi, poti kameneko anayeza kale ku fakitale. Masamuwa amakuuzani kuti chilichonse chimene mwawonjezera chidzaoneka chokula ka 24. Waya wa pulagi wa mamilimita 7 amafuna kawaya ka 0.3, ngati timawaya ta mkati mwa chaja yakufa ya foni. Paipi ya ekizozi ya mamilimita 48 imafuna 2. Mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi, umene pa galimoto yeniyeni uli mamilimita 4 kapena 5, pano ndi 0.2 basi, ndipo penti wokhuthala kamodzi kokha amaukwirira. Dontho la guluu lotambalala milimita imodzi lili ngati banga la masentimita pafupifupi awiri ndi theka pa galimoto ya munthu. Mukazolowera kuchulukitsa ndi 24 m'mutu, dzanja limayamba lokha kuchepetsa guluu ndi penti.

Galimoto yoti mumange

Makiti sapezeka wamba m'masitolo athu. Ambiri amachita kuitanitsa pa intaneti kapena kutuma wachibale wochokera ku Johannesburg. Popeza kiti imodzi imabwera movutikira chonchi, ndi bwino kusankha galimoto imene mungathe kukaiona ndi maso. Tamiya ili ndi Beetle 1300 ya 1966 ndi Mini Cooper ya Morris pa 1:24. Revell ndi Italeri ali ndi Land Rover yaitali. Hasegawa imapanga Sunny Truck, imene ndi kapikapu ka Datsun kaja kamene ku South Africa anapitiriza kupanga mpaka 2008 ndi dzina la Nissan 1400. Onsewa ndi magalimoto amene anapondapo misewu yathu. Peugeot 404 ndi 504, zimene anthu akuluakulu amazikumbukira kwambiri, zimapezeka msanga ngati tigalimoto tachitsulo tomangamanga kale ta 1:43 kusiyana ndi makiti apulasitiki. Ulemu wa magalimoto amenewa sunabwere chabe: 404 inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo 504 inapambana mu 1975, pa misewu yamatope ndi miyala yofanana ndi yathu.

Chithunzi cha pabokosi musachikhulupirire kwambiri. Pitani kumagalaja a ku Ndirande ndi ku Limbe, kapena kumaesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene magalimoto akale amakhala atakhazikidwa pamiyala kuseri kwa nyumba. Lonjerani kaye, kenako pemphani bwino: "Bambo, ndimapempha ndijambuleko galimoto yanuyi ndi kuiyeza." Eni magalimoto akale ndi amakaniko achikulire nthawi zambiri amakondwa kufunsidwa, ndipo akhoza kukuuzani zimene pepala la malangizo silinena. Jambulani molunjika kuchokera mbali zonse zinayi mutaima patali, osati pafupi pomwe kamera ya foni imapotoza mizere. Jambulaninso pansi, mu injini ndi dashibodi.

Kuyang'ana kumeneku n'kumene kumateteza ku zolakwa zimene wodziwa magalimoto amaziona nthawi yomweyo. Beetle ilibe radiyeta. Injini yake ili kumbuyo ndipo imazizira ndi mphepo, choncho kuika mapaipi a madzi n'kulakwa. Land Rover ya Series III, yopangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ili ndi nyali m'mapiko ndi girilu yapulasitiki, pomwe za Series II zoyambirira nyali zinali mkati, pambali pa girilu yachitsulo. Chinanso chimene ambiri amaiwala n'chakuti kuno timayenda kumanzere ndipo chiwongolero chimakhala kumanja. Makiti a magalimoto a ku Japan nthawi zambiri amabwera ali choncho kale, koma a ku Germany ndi ku France amabwera ndi chiwongolero kumanzere. Kusintha kwake n'kudula dashibodi ndi kasowo kopyapyala, kusinthanitsa mbali ya mawotchi ndi ya kabokosi, kusuntha mapedulo, n'kutseka bowo lakale la chiwongolero. Onaninso kumene mawaipa amagonera pa galimoto yeniyeni ya chiwongolero cha kumanja.

Mpeni ndi guluu

Musanadule kanthu, tsukani zidutswa zonse m'madzi ofunda pang'ono ndi sopo wa mbale, muzisiye ziume zokha. Zimabwera ndi timafuta ta ku fakitale tomwe timaletsa penti kugwira. Zidutswa zimabwera zitalumikizidwa ku felemu yapulasitiki; musazithyole ndi zala, chifukwa pothyoka pamang'ambika mpaka kulowa m'chidutswa. Dulani ndi kapulayala kapena chowengera zala mutasiya kachitsa ka milimita imodzi, kenako musepe kachitsako ndi mpeni wakuthwa ndi kusalaza ndi sandipepa wa 600 (nambala ikamakula, sandipepa amakhala wosakakala kwambiri). Pa bodi pamakhala timizere totukuka pamene zikombole ziwiri zinakumana, makamaka pamwamba pa mapiko ndi m'mbali mwa denga. Timeneti pa galimoto yeniyeni palibe. Tipaleni ndi msana wa mpeni, musalaze ndi 600 kenako 1000, sandipepa ali wonyowa.

Pulasitiki wa makiti amatchedwa polystyrene, ndipo guluu wake samata ngati phala lomatira mapepala. Amasungunula nkhope ziwiri za pulasitiki kuti zilowererane, ngati kuwotcherera zitsulo. Pali zinthu zitatu zotsatira pamenepa. Guluu ameneyu sagwira pa penti kapena pa chrome, chokutira chonyezimira ngati siliva chija, ndiye polumikizirapo pafunika kupala kaye mpaka pulasitiki aoneke. Akachuluka amapitiriza kusungunula mkati kwa masiku, ndipo pamwamba pamadzaoneka kadzenje penti atapakidwa kale. Ndipo chala chikakhudza pamene guluu wayenderera, chidindo chake chimatsala mu pulasitiki. Guluu wamadzimadzi wa kaburashi, monga Tamiya Extra Thin, ndi wabwino kuposa wa m'chubu: mumagwirizitsa zidutswa ziwiri zili zouma, n'kungokhudza pamzere ndi nsonga ya burashi, iye n'kuyenda yekha mumpatamo.

Supa guluu ndi wa zitsulo, mawaya ndi zidutswa zopentedwa kale. Koma pafupi ndi magalasi asayandikire. Nthunzi yake imatera pa pulasitiki woonekera n'kusiya chifunga choyera, makamaka pamene panakhudza chala, ndipo chikakhala mkati mwa kagalimoto kotseka kale palibe chochita. Magalasi ndi nyali matani ndi guluu woyera wa matabwa, amene amauma moonekera ndipo wotsala amachoka ndi kathonje konyowa. Supa guluu ali ndi ntchito ina yabwino: mukathira soda wophikira mumpata n'kudonthezapo, amalimba pomwepo n'kutseka mpatawo. Salazani msanga, ola lisanathe, chifukwa akakhalitsa amalimba kuposa pulasitiki womuzungulira ndipo sandipepa amadya mbali zofewazo n'kusiya chitunda pakati.

Chidutswa chikasowa kapena mukafuna kuwonjezera china, monga keriyala wa padenga kapena mabenchi a kumbuyo kwa pikapu, yang'anani pansi pa makapu a yogati ndi zotengera zakudya. Cholembedwa PS kapena nambala 6 mu katatu ndi polystyrene ndipo chimamatika ndi guluu wa kiti. Cholembedwa PP kapena 5 chisiyeni, sichigwira guluu kapena penti. Kachidutswa ka felemu mukakatenthetsa pamwamba pa kandulo, osakhudza lawi, n'kukakoka pang'onopang'ono kakafewa, kamatuluka ulusi wa pulasitiki wochitira eriyo ndi timapaipi ta mabuleki.

Penti, ndi nyengo ya mzinda uno

Apa ndi pamene pagona nkhani. Penti ali m'mitundu itatu: lacquer, enamel ndi acrylic. Amasiyana ndi ukali wa thina wake, mankhwala amadzimadzi amene amasungunula pentiyo. Lacquer ndiye wolusa, enamel ali pakati, acrylic wosungunula ndi madzi ndiye wofatsa. Lamulo lake ndi lakuti wolusa akhale pansi, wofatsa pamwamba. Mukapopera lacquer pamwamba pa enamel, thina wake amadzutsa wapansiyo ndipo bodi yonse imakwinyika ngati chikopa cha ng'ona. Zitini za penti wopopera za m'masitolo a hadiweya zinapangidwira zitsulo, ndipo zambiri zili ndi thina wolusa moti pa pulasitiki wosaphimba zimasiya timing'alu ndi kukakala kumene sikuchoka popanda kupala bodi yonse. Koma n'zimene tili nazo, poti zitini zopopera sizololedwa kukwera ndege ndipo wachibale uja sangakubweretsereni. Zimagwira ntchito bwino mukatsata zinthu ziwiri: primer, penti woyambirira wophimba pulasitiki, pansi, ndi kuyesa kaye. Poperani primer ndi penti yemweyo, mundondomeko yomweyo, pa kachidutswa ka felemu ya kitiyo kapena pa sipuni yapulasitiki, mudikire tsiku lathunthu, muone.

Primer akhale wopyapyala, mikuta iwiri yopepuka, kutanthauza kupopera bodi yonse kawiri mopepuka. Wotuwa amaonetsa zokala ndi timizere tomwe munaphonya. Woyera ndi wofunika pansi pa mtundu wofiira, wachikasu ndi woyera, chifukwa mitundu imeneyi siphimba bwino ndipo pa wotuwa imaoneka yakuda. Akauma musalaze ndi 1500 wonyowa.

Popopera, khutchumulani chitini mphindi ziwiri zathunthu, muchiimike m'madzi ofunda oti dzanja likhoza kupirira kwa mphindi zisanu. Madzi owira ayi, ndipo pafupi ndi mbaula ayi, chitini chimaphulika. Bodi muimangirire pa waya wa hang'ala kuti muziitembenuza osaigwira. Imani masentimita 20 mpaka 25. Yambani kupopera kunja kwa bodi, mudutse, mukalekere kunja kwa mbali inayo, chifukwa poyamba ndi pomaliza chitini chimalavula madontho. Mikuta iwiri kapena itatu yoyamba ikhale ngati nkhungu, primer azionekerabe, ndipo pakati pake pazidutsa mphindi 10 mpaka 15. Mikuta yopepukayi imauma thina asanalowe kukafika pa pulasitiki, ndipo imapatsa womaliza pogwira. Womalizawo ndiwo wonyowa: dzanja liyende pang'onopang'ono mpaka penti awale, n'kulekera pomwepo. Kudutsanso kamodzi "kuti akwane" ndiko kumayambitsa misozi m'mbali mwa zitseko.

Malangizo a pachitini analembera nyengo ya kwina. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika n'kuphimba Soche ndi phiri la Ndirande, mpweya umadzaza chinyezi. Thina akamauluka amaziziritsa bodi, chinyezi n'kutera pa penti wosauma, ndipo kuwala kuja kumasanduka mbuu ngati mwathirapo mkaka. Zomwezi zimachitika m'masiku a mvula yosalekeza mu Januwale ndi Febuluwale. Tsiku lotero chitani za injini ndi mipando ndi burashi, bodi idikire. Ngati mbuu wachitika kale pa lacquer, nthawi zambiri mkuta umodzi wopepuka pa tsiku louma umauchotsa. Mu Okutobala vuto limatembenuka: kutentha kumaumitsa penti ali m'malere, amatera ngati mchenga, kapena amalephera kuyala n'kusiya khungu la lalanje. Nthawi imeneyo poperani m'mawa dzuwa lisanakwere, pamthunzi, ndipo yandikirani pang'ono. Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya mphepo ndi fumbi. Wazani madzi pansi pamalo opoperapo, ndipo mukangomaliza vundikirani bodi ndi beseni loyera kapena katoni yopukutidwa mkati, mutasiya kampata pansi kuti thina azituluka. Kafumbi kakatera, musakatole penti ali wonyowa. Kadzachoka ndi 2000 akauma.

Poperani panja nthawi zonse. Kansalu ka pamphuno kamatchinga fumbi lokha, nthunzi ya thina imadutsa.

Kuuma kwa pamwamba si kuuma. Lacquer amagwirika pakatha theka la ola koma amafuna masiku atatu kapena kuposa asanapukutidwe. Enamel amafuna sabata kapena awiri. Nunkhizani bodi: ngati ikumvekabe penti, sinaume, ndipo tepi kapena chala chidzasiya chidindo. Zikakanikiratu, kunyika bodi mu mafuta a mabuleki kwa tsiku kumachotsa penti wambiri, koma valani magulovu, yesani kaye pa felemu, ndipo musaisiyemo masiku, pulasitiki amafika pophweka kuthyoka.

Za kuwala, maganizo athu ndi akuti ambiri amapyoza muyeso. Galimoto ya m'ma 1960 ndi 1970 imene yagwira ntchito sinkawala ngati kalilole. Pa Beetle kapena Mini yosamalidwa, kusalaza ndi 2000 ndi kupukuta ndi polishi wa galimoto pa kansalu kofewa n'kokwanira, mutasamala m'makona momwe penti amakhala wopyapyala. Pa Land Rover ndi pikapu, kuwala kwapakatikati ndiko kumanena zoona. Chrome ya m'makiti nayonso imawala mopitirira, ndipo ili ndi timizere ta chikombole pansi pake. Mukainyika mu Jik imachoka, kenako mumasalaza, kupaka wakuda wowala, n'kumaliza ndi wasiliva wopepuka.

Zizindikiro ndi manambala zimabwera pa pepala lonyika m'madzi, lotchedwa decal. Dulani chimodzi chimodzi, nyikani masekondi 10 mpaka 20 m'madzi ofunda, ikani pa nsalu mpaka chiyambe kutsetsereka chokha, kenako muchikankhire pamalo pake ndi burashi yonyowa ndi kufinya madzi ndi kathonje kuchokera pakati. Chimafuna pamalo powala. Pa penti wosawala timpweya timatsekeredwa pansi ndipo m'mphepete mumaoneka ngati siliva. Nambala puleti ya ku Germany imene yabwera m'bokosi ilibe ntchito pa galimoto ya pa Victoria Avenue. Sindikizani yanu pa pepala lopyapyala potengera chithunzi chimene munajambula, muyeso wake mutaugawa ndi 24.

Dzimbiri ndi katondo

Kukalambitsa kagalimoto ndi kumene kumaonetsa ngati munthu anaiyang'anadi galimoto. Bodi ya Land Rover yakale ndi ya aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Penti akasupuka pa chitseko kapena pa phiko pamaoneka chitsulo chotuwa, ndipo pamakhala timaenje ndi mabampu chifukwa ndi chofewa. Dzimbiri limakhala pa chesisi, pa khoma lachitsulo la pakati pa injini ndi dalaivala, pa mahinjesi ndi pa masipuling'i. Kupaka dzimbiri pa mapanelo a Land Rover n'chimodzimodzi kulengeza kuti simunaionepo. Peugeot ndi Datsun ndi zachitsulo, ndipo zimadyeka pamene madzi ndi matope zimakhalitsa: m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mwa pamene tayala limazungulira, pansi pa galasi lakutsogolo, ndi pansi pa bodi ya pikapu. Dulani kachidutswa ka siponji, kanyikeni mu penti woderako, kapukuteni pa pepala mpaka katsale pang'ono kuuma, n'kumagunda mopepuka m'malo amenewo okha. Dzuwa la kuno limafwifwitsa denga ndi boneti kuposa m'mbali, choncho pamwamba mtundu ukhale wotuwirako.

Fumbi lathu ndi lofiirira, la katondo, osati lotuwa ngati la pazithunzi za kunja. Dothi lenileni likhoza kugwira ntchito, koma kumbukirani kuchulukitsa kuja: kamchenga ka theka la milimita ndi mwala wa mamilimita 12. Liumitseni, mulipere, mulisefe pa nsalu yopyapyala kwambiri, mutenge ufa wokhawokha. Choko cha mitundu choperedwa pa sandipepa chimachita bwino kuposa pamenepo. Pakani ndi burashi youma m'munsi mwa bodi, kuseri kwa matayala, ndi pa chitseko chakumbuyo, kumene mphepo imazunguza fumbi galimoto ikamathamanga pa msewu wadothi. Pa galasi lakutsogolo matani katepi kodulidwa mwa uta wa waipa musanapake, kuti mukachotsa patsale poyera pamene waipa imapukuta. Matayala apaleni ndi 400 pamene amaponda pansi kuti kuwala ndi mzere wapakati zichoke.

Amene kiti sanaipeze akhoza kuyambira pa tigalimoto tachitsulo topezeka pa kaunjika, ta Matchbox, Hot Wheels, ndipo mwamwayi ta Corgi. Pansi pake pali marivete awiri kapena limodzi. Boolani mutu wake wokha ndi kadirilo, kagalimoto kamatseguka. Chotsani magalasi ndi mipando musanathire mankhwala ochotsa penti, chifukwa amasungunula pulasitiki. Chitsulo chake ndi cha zinki ndipo chimafuna primer wa zitsulo. Ngati kali ka Dinky kapena Corgi kakale kokhala ndi penti wake woyambirira, kasiyeni momwemo. Osonkhanitsa amakawerengera kwambiri kali ndi zipsera zake kusiyana ndi kopentedwanso.

Kagalimoto kakatha, adani ake ndi dzuwa ndi matayala ake omwe. Pa windo loyang'ana dzuwa denga limapindika, zoyera zimasanduka zachikasu ndipo ma decal amasweka, ndiye kasungeni m'kabati yagalasi kapena m'bokosi loonekera, kutali ndi windo. Matayala ofewa a makiti ena, makamaka akale, amatulutsa mafuta amene m'kupita kwa zaka amasungunula polystyrene pomwe akhudzana. Pentani rimu yonse, ndi mkati momwe mobisika, musanavale tayala, ndipo pansi pa matayala pakhale thabwa kapena galasi, osati pulasitiki. Kiti imene simunayambe kumanga, tulutsani matayala muwaike m'kapepala paokha, kuti asagone pa magalasi m'bokosimo.